Repu Wanga ndi Mbuzi za ba Sakala

Lolemba

Kwazizira. Madzi a m'ndowa akuluma zala, milomo yayamba kung'aluka. Julayi wafika. Lero ndi mawa ndi maholide, ofesi yatsekedwa, ndiye tsiku lonse ndili kuseri kwa nyumba, m'dimba langa.

Dimba langa! Ine amene ndinakulira mu komboni ku Lusaka, kumene ndiwo zimamera patebulo la amai a pamsika zitamangidwa kale.

Zimene zilimo lero:
- repu, mabedi awiri, masamba otambalala kuposa chikhatho changa
- chayinizi, bedi limodzi
- matimati, ena ayamba kufiira m'munsi
- anyezi, woonda koma ali moyo
- chinachake chimene sindinabzale koma chikukula bwino kuposa zonse, ndachisiya, tione

Nkhani yake ndi iyi. Chinditumizireni ntchito ya boma kuno ku Rufunsa ndikukhala ndekha. Mkazi wanga, amake Taonga, anatsala ku Lusaka ndi mwana. Ndikati bwerani tizikhala pamodzi, yankho limakhala lomwelo: "Kwamene uko tizadya chani, mapili?" Pa Isitala ndinakakamira mpaka anatopa nane. Anati, "Chabwino bashi Taonga. Siku yamene nizangena mu dimba yanu, nathyola neka repu, naphika, tadya, pamene apo tizakamba za kusamuka."

Akufuna athyole okha chifukwa akuti ndikhoza kukagula pamsika n'kunena kuti ndalima. Mawu amenewo anandipweteka, makamaka poti ndinali nditaganizako kale.

Akubwera Lamulungu, basi ya m'mawa. Miyezi yonseyi ndakhala ndikutunga madzi kupampu, msana wanga ndi mboni. Ndikufuna banja langa pano. Ndatopa kudya chiimirire. Ndatopa kuyankha wailesi ngati ikulankhula ndi ine. Taonga wayamba kunditchula "adadi a pa foni", ndipo amake amaseka akamandiuza, ine sindiseka.

Masana abwera amai Mumba, aneba anga a mbali ya kumunsi, amene amagulitsa vitumbuwa kumsewu waukulu. Kambale m'manja. "Ba neba, tithyoleko tumasamba twa lelo." Ndakana mwaulemu. Ndawafotokozera kuti mpaka Lamulungu lidutse m'dimba muno simulowa munthu, ngakhale mwini wakene ndikudya kapenta. Andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Oho. Chabwino ba neba." Apita ndi kambale kawo kopanda kanthu. Yatha bwino, ndikuona. Anthu a kuno ndi omvetsa zinthu.

Kenako adutsa ba Sakala panjinga, mdala wa kutsidya kwa kamtsinje, amene ali ndi ziweto zambiri. Aima, mwendo umodzi pansi. Ayang'ana repu nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti ayamikire. "Mpanda uli kuti?" Ndati kuno kulibe akuba. Aseka pang'ono, apalasa.

Nsanje ya alimi ndaiona lero.

Koma nyengo ino ndimaikonda. Udzudzu kulibe. Matope kulibe. Kandolo, mbatata ija, wootcha pambaula, wopsa mbali imodzi. Dzuwa la m'mawa pakhoma, munthu utafunda bulangete, kapu ya tiyi m'manja. Nthunzi yotuluka m'kamwa ngati ukusuta, chonsecho sunagule fodya. Chikusowa ndi munthu woti umuuze kuti lero kwazizira.

Lachiwiri

Mbuzi!

Ndili pakhoma kuotha dzuwa, ndikumva kaphokoso kuseri, ngati munthu akung'amba pepala pang'onopang'ono. Kupita, gulu lathunthu lili m'bedi la chayinizi. Mtsogoleri wake ndi mbuzi yaikazi yofiirira, nyanga imodzi yothyoka, mimba mpaka pansi. Zinzake zathawa zitandiona. Iyo yangondiyang'ana, ikutafuna, yamaliza kaye tsamba limene inayamba. Ndaitcha Adona.

Ndathamangitsa mpaka kumtsinje. Patapata mmodzi waduka, tiyi wazizira.

Mwana wina wati ndi za ba Sakala. Ndapita komweko mtima uli m'mwamba, mawu nditawakonza kale m'njira. Ndawapeza akutonola chimanga pamkeka, andipatsa mpando, andifunsa za ku ntchito, za kumudzi, za thupi. Pofika pa nkhani ya mbuzi ukali wanga unali utatha theka.

Ati: "Ba boma, anthu anasiliza kukolola. Viweto vamasulidwa, ni nthawi yake. Kuyambila manje mpaka mvula, mbuzi simangiwa. Yamene imangiwa ni dimba."

Ndati ku Lusaka mwini galu ndiye amamanga galu wake.

"Ndiye chifukwa chake ku Lusaka kulibe mbuzi zonenepa."

Ndiye mwambo wake ndi umenewo. Nthawi ya dzinja mbuzi ikadya chimanga cha munthu, mlandu ndi wa mwini mbuzi. Anthu akakolola, ziweto zimatayidwa kuti zizidyera zotsala m'minda, ndipo zikadya ndiwo zako mlandu ndi wako, unalekeranji kumanga mpanda. Aliyense amadziwa. Ana osavala kabudula amadziwa. Ine ndekha, ndi tayi yanga, ndimayesa kuti mbuzi sindinkaziona miyezi yonseyi chifukwa zimandilemekeza.

Chabwino. Mpanda akuufunawo auona.

Mitengo ndilibe, nkhwangwa ndilibe, ndipo kukadula kuthengo ndi ntchito ya masiku. Koma Mulungu sataya wake. Munda umene uli kuseri kwa nyumba wadzaza mapesi, ouma bwino, aatali, aulere, ongogona pansi. Anthu a kuno chuma akuchipondaponda osachiona. Masana onse ndatuta, ndaimika, ndamanga ndi malegeni odula ku chubu cha tayala. Pofika madzulo mpanda wafika m'chifuwa, wowongoka, wokhala ndi kachitseko komwe.

Amai Mumba atulukira. "Mapesi?" Ndati inde. "Mwagwila nchito ba neba." Apita kukaitana mng'ono wawo kuti nayenso adzaone. Aima awiriwiri, chitenje kukamwa. Ndikhulupirira mawa m'dera lino muyamba kuoneka mipanda ngati wanga, ndipo sindidzadandaula ngakhale asatchule amene anayambitsa.

Zotayika lero: chayinizi theka, patapata mmodzi. Zopindula: nzeru.

Lachitatu

Tabwerera kuntchito. M'mawa wonse ndikuonetsa anzanga chithunzi cha mpanda. Mmodzi, wa konkuno, wafunsa kuti kodi ndi mapesi. Ndati inde, aulere. Watsokomola, watuluka panja, wakhalitsako. Chimfine chavuta nyengo ino.

Madzulo ndikufika kunyumba, mpanda kulibe.

Sunagwe ayi. Kulibe. Kwatsala malegeni pansi ndi timitengo tingapo totafunidwa. Pakati pa bwalo paima ng'ombe, pesi lomaliza likulendewera kukamwa kwake. Chayinizi yense wapita. Matimati ena athyoledwa nthambi. Adona ali pambali, akutsuka mkamwa ndi anyezi wanga.

Ndamvetsa tsopano. Mapesi ndiye chakudya chimene ziwetozo zamasulidwira. Ine ndatolera chakudya chonse cha m'munda, ndachisonkhanitsa pamalo amodzi, ndachiimika bwinobwino kuti ng'ombe zisavutike kuwerama. Kuseri kwake ndaikako ndiwo.

Amai Mumba anali pakhomo pawo tsiku lonse, akukazinga vitumbuwa. Ndawafunsa ngati sanaone.

"Nenze naona ba neba. Kuyambila m'mawa. Manje munakamba mweka kuti mu dimba simungena munthu mpaka Sondo."

Mng'ono wawo wandiuza pambali, mondimvera chisoni, kuti kuno dimba limalondedwa ndi amene amadyako. Ukapatsa aneba ndiwo, mbuzi ikangosuzumira, mwala wachoka kale kutsidya. Ine ndinasunga masamba odzaza kambale kamodzi n'kutaya alonda onse.

Ndabwerera kwa amai Mumba, ndati mawa akhoza kudzathyola, ndiponso asachite manyazi. "Iyai ba neba. Tiyembekeze Sondo idutse."

Ba Sakala abwera kudzatenga ng'ombe zawo. Sanapepese. Aloza ndowe zimene zasiyidwa pabwalo lonse: "Manyowa aya tengani chabe, musaope."

Zotsala:
- repu, mabedi onse awiri, odyedwa m'mbali
- matimati, opunduka koma alipo
- anyezi, wometedwa
- chinthu chija sindinabzale, sichinakhudzidwe ngakhale tsamba

Nzeru yatsopano. Popeza udzudzu kulibe, ndamasula neti ya pabedi panga, ndakuta repu, ndakhomera ndi timitengo. Matimati ndazinga ndi nthambi za minga. Minga yambiri yatsala m'manja mwanga. Ndathirira kwambiri, madzi ochuluka kuposa masiku onse, kuti mbewu zikhazike mtima pansi.

Amake Taonga anditumizira kavidiyo. Mlamu wanga, mchimwene wawo, amene amayendetsa thiraki ku Joni, wajambula sinowo paphiri lina kumeneko. Msewu woyera, mitengo yoyera, iye akudumphadumpha ngati mwana, akuumba ndi manja. Pansi amake Taonga alemba: "Onani anzanu kwamene ali." Ndayankha kuti zokongola. Mumtima ndati munthu wamkulu kusewera ndi madzi oundana.

Za mpanda sindinawauze.

Lachinayi

Sinowo! Pano, kuseri kwa nyumba yanga!

Ndatuluka mbandakucha kukaona ngati neti ilipo. Dimba lonse layera. Udzu woyera, neti yoyera kawiri, masamba a matimati ali mbuu ngati awazidwa shuga. Kuponda, pansi pakulira. Kukhudza tsamba, lauma gwa, likunyezimira. Chibadwireni sindinaonepo. Ndaima pamenepo ndi bulangete, mano akugundana, ndikuseka ndekha.

Ndajambula zithunzi zambiri. China ndagwada pakati pa matimati, chala m'mwamba. Ndasamala kuti pamene panali mpanda pasaoneke. Ndatumiza kugulu la banja: "Sinowo ya ku Rufunsa. Ena amayenda mpaka ku Joni, ife imatipeza pakhomo."

Ndapita kuntchito ndikuimba mluzu.

Nthawi ya nkhomaliro ndathamangira kunyumba kuti ndikaone ngati yatsalako. Yasungunuka. Matimati onse ada bii, masamba alendewera ngati athiridwa madzi owira. Kugwira tsinde, lofewa. Zipatso zimene zinayamba kufiira zachita madzimadzi.

Amai Mumba, kutsidya, osatembenuka n'komwe: "Chisanu icho ba neba. Muno m'munsi chimabwela chaka chili chonse. Anzanu amaphimba na udzu. Na madzi sitithila maningi m'madzulo."

Ndayang'ana kwawo. Matimati awo ali pansi pa katsindwi ka udzu, obiriwira bwinobwino. Katsindwi kameneko ndakhala ndikukaona sabata zingapo. Ndimayesa akuyanika udzu wofolerera bafa.

Mlamu wayankha pagulu: "Mulamu, iyo si sinowo. Ayo ni malilo ya matimati." Abale onse aikapo nkhope zoseka, ngakhale azakhali amene sindimadziwa kuti amatha kugwiritsa ntchito foni.

Amake Taonga sanaseke pagulu. Andilembera pandekha: "Matimati yali bwanji?" Ndadikira mpaka madzulo, ndayankha kuti netiweki ikudukaduka.

Repu wapirira. Repu ndi mwamuna. Ndipo pangano linali la repu, matimati sanatchulidwe. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kuyambira masana.

Komabe ndikuopa. Ndikuopa kuti adzafika, adzayang'ana, sadzanena kanthu, adzakwera basi ya madzulo, ndipo nkhani yosamuka idzathera pomwepo. Ine ndidzabwerera m'nyumba muno ndi wailesi.

Ndaphimba repu ndi masaka pamwamba pa neti. Madzi sindinathire.

Lachisanu

Lero boma lonse landidziwa.

M'mawa ndachotsa masaka kuti repu aone dzuwa, neti ndaisiya. Zonse zili bwino. Masana ndatuluka muofesi kukagula buledi kumsewu. Ndikupeza anthu aunjikana pokwerera basi, akuseka, ena akuimba mluzu, amai ogulitsa nthochi akululuta. Ndikuyesa ukwati ukudutsa. Ndasuzumira.

Adona. Akuthamanga m'mbali mwa msewu, neti yanga yoyera yakola kunyanga yothyoka ija, ikukokeka kumbuyo ngati chovala cha mkwatibwi. M'netimo mukulendewera repu ndi mizu yomwe, timitengo, ndi anyezi. Kumbuyo kukutsatira mbuzi zinzake, zikudya zimene zikugwa. Basi ya ku Chipata yachepetsa liwiro kuti okwera ajambule.

Wina wafuula: "Ni neti ya ba boma aja a mapesi!"

Ndiye dzina ndili nalo kale. Buledi sindinagule.

Kunyumba, bedi limodzi la repu lagaulidwa lonse. Zikuoneka kuti Adona analowetsa mutu pansi pa neti, anakodwa, n'kuyamba kuvina. Anyezi watha. Chinthu chija sindinabzale chapondedwa koma chadzukanso, ndayamba kudana nacho.

Madzulo abwera ba Sakala, Adona pachingwe, neti kukhwapa, nkhope yamaliro. Akana mpando. Ati mbuziyo ili ndi bere, ndipo ine ndinaitchera msampha. Ikadathyoka mwendo? Ikadagundidwa ndi thiraki? Ikadapoloza? Ndayesa kunena za repu wanga. Ati repu sabala ana.

Amai Mumba ndi mng'ono wawo aima pamalire kumvetsera. Anthu ochokera kupampu atula zigubu.

Sindikudziwa kuti zinatembenuka pati. Ndangozindikira ndili chogwada pabwalo langa lomwe, ndikuomba m'manja, ndikupepesa mwini mbuzi imene yandidyera dimba. Ba Sakala alandira. Ati ndine mwana wa ulemu, vuto ndi kukulira m'tauni basi. Kenako afunsa ngati netiyo ndikuifunabe, popeza yang'ambika kale, iwo ikhoza kuwathandiza kutchingira anapiye. Ndawapatsa. Ndawaperekeza mpaka panjira.

Adona potuluka ayang'ana bedi lotsalalo. Ndawaona.

Taonga waimba pafoni ya amake. "Adadi, amami akamba ati muli na dimba ikulu. Ine nizathilila. Nizabwela na kachitini kanga." Ndati inde mwanawe, udzathirira. Foni itaduka ndakhala pansi pakhonde.

Kwatsala bedi limodzi. Mpanda kulibe, neti kulibe, aneba kulibe. Ndiyenera kuganiza mozama.

Loweruka

Ndaganiza. Ngati dimba silingatetezeke panja, lilowe m'nyumba.

Dongosolo:
- kukumba repu wabwino yense ndi dothi lake lomwe
- kumuika m'ziwiya, kumusunga pabalaza lero ndi usiku
- mawa mbandakucha kumubwezera m'bedi, kusalaza dothi, kukhala pomwepo ndi ndodo mpaka basi itafika

Si chinyengo. Repu ndi wanga, dothi ndi langa, wangopita kukagona m'nyumba ngati munthu aliyense nyengo yozizira.

Ndakumba m'mawa wonse. Beseni losambira ladzaza. Ndowa zonse zadzaza. Poto wamkulu, beseni lochapira, ngakhale katoni imene munali mabuku. Pabalaza pabiriwira. Ndaima pakhomo kuyang'ana, mtima wakhala pansi koyamba sabata ino. Masamba afota pang'ono, koma ndi ulendo, aliyense amafota.

Amai Mumba adutsa, asuzumira. "Manje repu yayamba kumvela wailesi?" Ndaseka nawo, pofuna mtendere. Ndatolera masamba amene anatsala m'bedi, ndadzaza mbale, ndawapititsira ndekha. Alandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Atembenuza tsamba limodzi, aona pamene padutsa mano. "Zikomo ba neba. Ni yamene yasiya mbuzi?" Ndati ndi yomweyo. Ati adzapatsa nkhuku.

Kenako ukhondo, poti alendo akubwera. Ndasesa, ndachotsa akangaude, ndachapa makatani, ndabisa mapoto amene apsa mosakonzeka. Pansi ndapaka polishi wofiira mpaka ndikudziona nkhope. Amake Taonga amaweruza nyumba poyang'ana pansi.

Madzi atha, ndipo ndowa zonse muli repu. Ndatenga chigubu kupita kupampu. Chitseko ndachisiya chotsegula kuti polishi aume ndiponso repu aoneko kuwala, koma ndatchinga pakhomo ndi mpando wogonetsa. Kupampu si kutali.

Loweruka aliyense amachapa. Mzere unali wautali, ndipo amai onse amafuna kumva nkhani ya neti kuchokera kwa mwini wake. Ndafotokoza. Afika ena, ndafotokozanso. Wina wandilola kutunga patsogolo pake, akuti ndavutika kale mokwanira.

Pobwerera, mpando uli chogonera momwe ndinausiya. Ndalowa.

Adona ali pasofa. Miyendo yakutsogolo patebulo, mutu m'poto wamkulu. Zinzawo zili kubeseni, ina yalowa m'katoni yathunthu. Mpando anangoudumpha. Mbuzi ya bere!

Kwatsala mitengo yokhayokha, yoima m'ziwiya ngati miswachi. Dothi paliponse. Mapazi a mbuzi adinda polishi kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda, kumene zikuoneka kuti zinakayendera kaye. Katani imodzi yafupika. Zasiyanso timphatso takuda pansi pa tebulo.

Amai Mumba anali atapita kukwaya. Ndikhulupirira kuti ulendo uno akadaponya mwala. Ndikufuna kukhulupirira.

Sindinathamangitse. Ndatula chigubu, ndakhalapo. Adona amaliza, atsika pasofa, adutsa pafupi ndi bondo langa, atuluka pakhomo osafulumira. Zinzawo zatsatira.

Ndagwira foni nthawi yaitali. Ndikhoza kuuza amake Taonga kuti andituma ku Mpanshya mwadzidzidzi, abwere mwezi wamawa. Akhoza kukhulupirira. Ndalemba uthengawo mpaka kumapeto, ndafufuta. Manyazi ndikuwaopa, koma kuwaona ndikufuna kuposa pamenepo.

Ndapakanso polishi.

Lamulungu

Afika. Taonga watalika, dzino lakutsogolo lachoka. Wayamba wabisala kuseri kwa chitenje cha amake, kenako wandigwira chala, sanachisiye mpaka kunyumba. Kachitini kake kothiririra kali m'manja enawo. Amake ali ndi chikwama ndi thumba lina lolemera, akana kuti ndiwanyamulire.

M'njira ndayesa kuyamba nkhani. Ndanena za nyengo, za miyambo ya anthu a kuno, za kusiyana kwa tauni ndi mudzi. Angoti, "Mm." Pokwerera basi mnyamata wina wandilonjera kuti "ba mapesi". Afunsa kuti ndani ameneyo. Ndati sindimudziwa.

Kufika, sanalowe m'nyumba. Alunjika kuseri. Aima. Mabedi apululu, maenje amene ndinakumba dzulo, mitengo yakuda ya matimati, ndowe zouma, malegeni.

"Ni apa?"

"Ni apa."

Taonga wayang'ana uku ndi uku, wafunsa kuti athirire chiti. Ndamulozera chigubu, wapita kukathirira dothi.

Amake Taonga alowa kukhitchini, amasula thumba lija patebulo. Repu, mitolomitolo. Matimati. Anyezi. Ndafunsa kuti agula kuti. Ati ku Lusaka, dzulo m'mawa.

Dzulo m'mawa repu wanga anali adakali moyo. Ndawauza zimenezo. Ndati nthawi imene inu mumagula, ine pabalaza pano panali pobiriwira.

"Pa balaza?"

Ndafotokoza zonse, kuyambira mapesi. Aseka mpaka akhala pansi, pa polishi. Atapukuta misozi ati, "Bashi Taonga, nimakudziwani. Sininafune mwana agone na njala."

Zimenezi zandipweteka kuposa mbuzi. Komabe ndadya, ndawonjezera kawiri. Tadya titakhala pansi, atatu, wailesi yozimitsa.

Titatha kudya ayendera nyumba. Aona bedi lopanda neti. Apeza mapoto amene ndinabisa. Andigwira dzanja, alitembenuza, aona minga, atenga singano, achotsa imodziimodzi. Kenako awoloka kupita kwa amai Mumba kukapereka moni, atanyamula mitolo iwiri ya repu. Moni ameneyo watenga masana onse. Kuseka kumamveka mpaka kuno, ndipo nthawi zina kumaduka, n'kuyambanso mwamphamvu.

Pobwera nkhope inali ina. "Munakana kupasa aneba ndiwo? Munthu abwela na kambale, imwe mwamubweza?" Ndati ndimasungira iwo. Apukusa mutu. "Imwe simungakhale mweka. Muzatichititsa manyazi boma yonse."

Ndiye agamula. Sukulu zikatsekera mu Ogasiti akubwera ndi katundu, Taonga adzayambira konkuno. Malamulo ake: dimba ndi lawo. Mpanda adzamangitsa okha, alankhula kale ndi amai Mumba za mitengo. Ine ntchito yanga ndi kutunga madzi n'kutula pakhomo la dimba. Kulowa ayi. Kupereka maganizo ayi.

Sakubwera chifukwa ndalima. Akubwera chifukwa aona kuti sindingathe. Ndayesa kukwiya, sizikutheka, nkhope ikungomwetulira yokha.

Ndawaperekeza basi ya madzulo. Taonga wasiya kachitini kake, akuti ndimusungire pamalo pamene mbuzi sizifika. Ndamulonjeza, ngakhale malo oterowo sindikuwadziwa.

Ndabwerera dzuwa likupendeka, mphepo yayamba kale kulowa m'malaya. Kuseri kwa nyumba ndapeza Adona atagona pakati pa bedi limene munali repu, akubzikula, akuotha kadzuwa kotsala. Atukula mutu, andiyang'ana, akudikira kuti nditole mwala.

Ndatembenuza ndowa, ndakhalapo pambali pawo. Dimba silinso langa. Adzaonana ndi eni ake mu Ogasiti.